Kosulira atsogoleri: mbiri ya mabungwe a ophunzira m'Moçambique

Masiku ano si cacilendo kumva kuti mwana wa ku Ntengo-wa-Mbalame kapena wa ku Chidzolomondo ali ku yunivesite. Ena ali ku Ulónguè kuphunzira za ulimi, ena ali ku Tete, ena anafika mpaka ku Beira ndi ku Maputo. Kumeneko, kuwonjezera pa makalasi, amapezako mabungwe: la ophunzira onse, la ocokera boma limodzi, la mapemphero, la mpira, la zisudzo. Ndiye tsiku lina kholo limalandira foni yoti mwana uja wasankhidwa kukhala mlembi, msungicuma kapena wapampando. Makolo ambiri uthenga wotere saulandira ndi manja awiri. Ndalama ya sukuluyo inacokera m'matumba a kacewere, m'tirigu ndi m'mabelo a fodya, ndipo mtima umafunsa: kodi tinamutuma kukatenga pepala kapena kukacita ndale?

Nkhawa imeneyi njomveka, pakuti udindo ungathe kumudyera mwana nthawi ya mabuku. Komabe mbiri ya dziko lathu ikuonetsa kuti bungwe la ophunzira ndi sukulu yaciwiri, imene nthawi zina yaphunzitsa zimene kalasi siinaphunzitse. Joaquim Chissano ndi Armando Guebuza, amene onse anadzalamulira dziko lino, anayamba ndi kutsogolera kabungwe ka ana a sekondale. Tiyeni titsate mmene anthu otere anasulidwira, pamene kusulako kunayenda bwino ndi pamene kunapotoka, kuti tidziwe coyenera kufunsa ana athu.

Phunziro la kubusa

Nkhaniyi ikuyambira kum'mwera kwa dziko, ku mpingo wa Missão Suíça. M'zaka za m'ma 1930 boma la atsamunda linkapanikiza masukulu a mipingo yosakhala ya Katolika. Pofuna kuti asataye acinyamata, amishoni acisiwisi, motsogozedwa ndi mphunzitsi André-Daniel Clerc, anayambitsa timagulu tochedwa mintlawa m'cinenero ca kumeneko. Nzeru yake anaitengera kwa anyamata oweta ng'ombe. Aliyense amene anakulira kubusa kuno kwathu akudziwa kuti kudambo kulibe wamkulu koma lamulo liliko: alipo wotsogolera, alipo wokabweza ng'ombe zikalowera m'munda mwa eni, ndipo wolakwa amaweruzidwa ndi anzake. Mintlawa inatenga dongosolo lomwelo. Kagulu kalikonse kanali ndi atsogoleri ocokera mwa ana eni ake, ndipo wamkulu anali mlangizi woima pambali. Ankaimba, kucita masewera ndi zisudzo, kuwerenga Baibulo, kugwira nchito za manja ndi kukambirana nkhani m'cinenero cawo.

Eduardo Mondlane, wobadwa mu 1920 ku Manjacaze, amenenso anaweta ziweto ali mwana, anali mmodzi mwa acinyamata amene Clerc anawapatsa udindo m'timagulu timeneti. Pomwe ankafika ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, kuimirira pamaso pa anzake ndi kutsogolera zokambirana sikunali kwacilendo kwa iye. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Kabungwe kamene kanaopsa boma

Mu 1949 boma la tsankho la ku Joni linakana kumuwonjezera Mondlane cilolezo cokhalira m'dzikomo. Caka comweco, ku Lourenço Marques komwe lero ndi Maputo, iye ndi anzake anakhazikitsa Núcleo dos Estudantes Secundários Africanos de Moçambique, mwacidule NESAM. Kabungweka kanali pansi pa bungwe la akulu lochedwa Centro Associativo dos Negros. Apolisi sanacedwe kukayikira: Mondlane anamugwira ndi kumupanikiza ndi mafunso, kenaka anamumasula. Mu 1950 iye anapita kukaphunzira ku Lisboa, ndipo caka cotsatira anaoloka kupita ku Amereka. NESAM inayamba yazirala, koma m'zaka za m'ma 1950 ana ena anaidzutsanso.

Woona kunja akanati ndi kabungwe ka zisangalalo, pakuti kankakonza magule ndi maulendo. Koma mkati mwake odziwa ankathandiza anzawo kukonzekera mayeso, ankaitana anthu kudzakamba nkhani zoti onse akambirane, ankabwerekana mabuku, ndipo anali ndi magazini yawo yochedwa Alvor. Taganizani zimene nchito zotere zimafuna. Gule mmodzi yekha amafuna wopempha cipinda, wotolera ndalama, wolipira oimba ndi wofotokoza mawa lake mmene ndalamazo zayendera. Magazini imafuna wosonkhanitsa zolemba, wokonza zolakwika ndi wolimba mtima kuuza mnzake kuti nkhani yake siituluka. Cisankho cimafuna kuti wolephera agwire canza ca wopambana ndi kubweranso ku msonkhano wotsatira. Palibe anawaitanira ku semina. Anaphunzira pogwira, akulu ali pafupi.

Chissano anatsogolera NESAM kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Guebuza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Munalinso Pascoal Mocumbi, amene anadzakhala nduna yaikulu kucokera 1994 mpaka 2004, mlembi wa nkhani Luís Bernardo Honwana, ndi mtsikana Josina Muthemba, amene dziko limamukumbukira pa 7 Epulo ndi dzina loti Josina Machel.

Kuno kwathu tili ndi dzina lathu pa mndandandawo. Mariano Matsinha anabadwa mu 1937 ku Casula, komwe nthawi imeneyo kunali m'dera la Macanga ndipo lero kuli m'boma la Chiúta. Anakaphunzira ku Lourenço Marques ndi kulowa NESAM. Pa 7 Sepitembala 1974 anali m'gulu la FRELIMO limene linasainirana ndi Apwitikizi pangano la ku Lusaka, ndipo pambuyo pake anakhala nduna ya za nchito.

Koma ana obadwira kuno amene anafika kumeneko anali owerengeka, ndipo cifukwa cake n'codziwika. Mishoni ya Dutch Reformed imene inatsegulidwa pa Mphatso mu 1909 inatsekedwa ndi Apwitikizi mu 1922. Pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vaticano linapereka maphunziro a ana acikuda m'manja mwa mishoni za Katolika, monga Lifidzi ndi Fonte Boa, ndipo ambiri ankathera m'makalasi oyambirira. Wopitirira ankalowa seminale ya ku Zóbuè, apo ayi ankaoloka malire kukaphunzira ku Nyasaland, kumasukulu onga a ku Mlanda. Popanda sekondale pafupi, bungwe la ana a sekondale likanacokera kuti?

Nkhondo ya ufulu itayamba pa 25 Sepitembala 1964, NESAM siinakhalitse. Atsamunda anaitseka, ndipo ena mwa mamembala ake anaona ndende. Kumayambiriro kwa caka comweco Guebuza ndi Josina anali atagwidwa kale ku Victoria Falls akuthawira ku Tanganyika, n'kuperekedwa m'manja mwa apolisi acinsinsi a PIDE. Atatuluka anayesanso, ndipo ulendo waciwiri anafika.

Nyumba ya ku Lisboa

Mpaka 1962 m'Moçambique munalibe yunivesite. Wofuna maphunziro apamwamba ankakwera sitima ya pamadzi kupita ku Portugal. Kumeneko boma la Salazar linavomereza mu 1944 kuti pakhale Casa dos Estudantes do Império, nyumba yosonkhanitsa ophunzira ocokera m'maiko onse olamulidwa ndi Apwitikizi. Colinga ca boma cinali coti anawo akule ndi mtima wokonda ufumu wa Portugal. Zinatembenuka. M'nyumbamo munadutsa Amílcar Cabral wa ku Guiné ndi Cabo Verde, Agostinho Neto wa ku Angola ndi Marcelino dos Santos wa kuno.

Mabuku ambiri amakamba za ndale za m'nyumbayi, koma tisaiwale nchito yake ya tsiku ndi tsiku. Inali ndi malo odyera, malo ogona, kacipatala, laibulale ndi magazini yochedwa Mensagem, ndipo zonsezi ankayendetsa ndi ophunzira osankhidwa ndi anzawo. Munthu amene anaphunzira kudyetsa anzake ndi ndalama yocepa popanda kuchedwa wakuba, waphunzira gawo lalikulu la ulamuliro. Boma linazindikira kuopsa kwake: kucokera 1952 mpaka 1957 linacotsa atsogoleri osankhidwa ndi kuikapo komiti yakeyake, ndipo mu 1965 PIDE inatsekeratu nyumbayo.

Mu Juni 1961 ophunzira pafupifupi 60 anathawa m'Portugal mwacinsinsi, kudzera ku Espanha mpaka ku França, mothandizidwa ndi bungwe la cikhristu lochedwa CIMADE. Chissano ndi Mocumbi anali momwemo. Ulendo wotere sutheka ndi anthu osadziwana. Unatheka cifukwa anali atayesana kale pa zinthu zazing'ono, akudziwa amene amasunga nthawi ndi amene amasunga pakamwa. Atafika ku França anakhazikitsa União Nacional dos Estudantes Moçambicanos, UNEMO, ndipo Chissano ndiye anali mtsogoleri wake woyamba. Pa 25 Juni 1962, ku Dar es Salaam, magulu atatu anaphatikizana kupanga FRELIMO. Limodzi mwa iwo linali UNAMI ya José Baltazar da Costa Chagonga, namwino wa cigawo cino ca Tete amene anathawira ku Nyasaland. Ana a NESAM ndi UNEMO anabweretsa m'cipani catsopanoco luso lolemba makalata, kusunga kaundula ndi kuyendetsa misonkhano.

Pamene zinapotoka

Si zonse zinayenda bwino. Ku Dar es Salaam, Janet Mondlane anakhazikitsa sukulu yochedwa Instituto Moçambicano kuti ana othawa kwawo apitirize maphunziro. Pofika 1968 pasukulupo panabuka mkangano waukulu. Atsogoleri a FRELIMO ankafuna kuti wophunzira aliyense azipereka nthawi yake ku nchito ya nkhondo, monga kukaphunzitsa ndi kukathandiza m'madera omasulidwa, asanapite kunja kukapitiriza. Ophunzira ambiri, molimbikitsidwa ndi wansembe Mateus Gwenjere, anakana. Ena ankaopa kuti maphunziro awo athera pomwepo, ena ankafuna kuphunzira m'Cingerezi, ena ankakayikira aphunzitsi acizungu. Sukuluyo inatsekedwa ndipo ana ambiri anabalalika. Inadzatsegulidwanso ku Bagamoyo mu 1970. Nawonso ena a UNEMO amene anali ku Amereka anasemphana ndi Mondlane pa nkhani yomweyo ya kubwerera.

Mbali zonse ziwiri zinali ndi zifukwa zake, ndipo mpaka lero anthu amatsutsana za amene analakwa kwambiri. Coonekeratu n'cakuti panalibe bwalo lokhulupirika pomwe ophunzira akanatula nkhawa zawo ndi kumvedwa, ndipo panalibe atsogoleri a ophunzira amene mbali zonse zikanawamvera. Caka comweco ca 1968, m'mwezi wa Malici, nkhondo inayambanso m'cigawo cino ca Tete. Pamene ana a alimi ankasenza zida ndi ufa m'mapiri athuwa, funso loti wophunzira ali ndi ngongole yanji kwa otsala kumudzi silinali lamasewera. Silinathe mpaka lero.

Ufulu ndi lamulo locokera kumwamba

Yunivesite yoyamba inatsegulidwa mu 1962 ndi dzina loti Estudos Gerais Universitários de Moçambique, mu 1968 inachedwa Universidade de Lourenço Marques, ndipo pa 1 Meyi 1976 inalandira dzina la Eduardo Mondlane. Pa nthawi ya ufulu mu 1975 inali ndi ophunzira oposa 2,000, koma acikuda anali ocepa kwambiri. Apwitikizi atacoka, ciwerengeroco cinatsika kufika pa osakwana 1,000, ndipo dziko linasowa aphunzitsi, anamwino ndi akalaliki.

Pa 8 Malici 1977 Samora Machel anasonkhanitsa ophunzira ku Maputo ndi kulengeza kuti makalasi omaliza a sekondale aimitsidwa. Anawo anagawidwa: ena ku uphunzitsi, ena ku usilikali, ena ku maphunziro ofulumira okonzekera yunivesite. Ndiwo amene timawachula kuti mbadwo wa 8 de Março. Nawo a ku yunivesite, m'mwezi wa Julaye, ankasiya makalasi kupita kumidzi ndi kumafakitale kukagwira nchito pamodzi ndi anthu. Pa 29 Novembala 1977 panakhazikitsidwa bungwe la acinyamata la OJM, pansi pa cipani.

Nyengo imeneyi inasula anthu olimba. Mnyamata wosakwana zaka 20 ankapatsidwa kalasi, nthawi zina sukulu yathunthu, kudera kumene sankadziwa ndi cinenero comwe. Ngongole ya wophunzira kwa anthu inalipiridwa mokwanira. Koma panali cosowa. Mwana sankasankha yekha kopita, ndipo mabungwe oima paokha analibe malo. Mtsogoleri woikidwa kucokera kumwamba amazolowera kuyang'ana kumwamba: amadziwa kulandira lamulo ndi kulifikitsa, koma saphunzira kuima pamaso pa omusankha ndi kuyankha mafunso awo. Zimene ana a NESAM anaphunzira pansi pa atsamunda, kusankhana ndi kutsutsana poyera, ana a dziko lomasuka anazipeza movutikira.

Mawu abwerera kwa ophunzira

Mu Meyi 1990 ophunzira a yunivesite ya Eduardo Mondlane ananyanyala makalasi podandaula za umoyo wawo pasukulupo ndi kucepa kwa thandizo la boma. Mu Novembala caka comweco dziko linalandira malamulo aakulu atsopano ololeza zipani zambiri, ndipo pa 18 Julaye 1991 panatuluka lamulo nambala 8/91 lopatsa nzika ufulu wokhazikitsa mabungwe.

Ambiri a inu nthawi imeneyo munali tsidya lija, ku Ntcheu ndi ku Dedza, kuthawa nkhondo, ndipo munaona ndi maso zimene zinkacitika ku Malawi. Kumeneko ophunzira a Chancellor College anali ndi kagulu ka alembi kuyambira 1970, komwe ankawerengerana zolemba zawo ndi kudzudzulana pa nthawi imene kulankhula kunali koopsa. Mmodzi mwa oyambitsa ake, Jack Mapanje, anakhala m'ndende ya Mikuyu kucokera 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Pa 8 Malici 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula ulamuliro wa Dr. Banda inawerengedwa m'machalichi, ndipo patangopita masiku ocepa ophunzira a ku Zomba anayenda mumsewu kuivomereza, koleji n'kutsekedwa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Kumenekonso, amene anatsogolera anzawo pa tsiku lalikulu anali atazolowera kusonkhana m'timagulu tating'ono ta mapemphero ndi ta zolemba.

Ana athu lero

Mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 utabwera, sukulu zapamwamba zinayamba kuyandikira. Instituto Superior Politécnico de Tete inakhazikitsidwa mu 2005. UniZambeze, imene inayamba kuphunzitsa mu 2009, ili ndi nthambi ya zaumoyo ku Tete ndi ya zaulimi ku Ulónguè, komwenso kuli Hefsiba ya mpingo wa Igreja Reformada. Universidade Púnguè inabadwa mu 2019. Ulendo umene Matsinha anayenda mpaka ku Lourenço Marques, mwana wa ku Furancungo lero amauyenda tsiku limodzi.

Masiku ano atsogoleri a mabungwe a ophunzira amaitanidwa ku maphunziro a masiku awiri kapena atatu, n'kubwerako ndi satifiketi ndi malaya olembedwa. Maphunziro otere ali ndi phindu lake, makamaka akaphunzitsa zinthu zogwirika: kuwerenga malamulo a bungwe amene m'Cipwitikizi amati estatutos, kulemba acta ya msonkhano, kusunga malisiti, kulemba kalata yopita kwa akulu a sukulu, ndi kudziwa kuti msonkhano waukulu wa mamembala uli pamwamba pa wapampando. Koma mbiri imene tatsatayi ikutiuza kuti masiku atatu sasula munthu. Comusula ndi caka cathunthu ca nchito, ndipo zinthu zinayi ziyenera kukhalapo.

Coyamba, ayambire pansi. Wosankhidwa kukhala wapampando asanasesepo cipinda ca msonkhano kapena kutolera zopereka za pamwezi amafulumira kudzimva. Caciwiri, pakhale wamkulu pambali, mphunzitsi kapena amene anatsogolerapo kale, wolangiza koma wosalanda mpando, monga zinalili m'mintlawa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Cacitatu, aziyankha kwa omusankha. Bungwe lililonse lolongosoka lili ndi conselho fiscal, anthu oyang'anira mabuku a ndalama, ndipo msungicuma amene amakwiya akafunsidwa malisiti waonetsa kale mmene adzasungire cuma ca boma. Cacinayi, adziwe kutula. Ophunzira amakhala pasukulu zaka zinayi kapena zisanu basi, ndiye bungwe limene mabuku ake amacoka ndi mlembi womaliza maphunziro limayambanso caka ciliconse ngati khanda. NESAM inazirala Mondlane atacoka, koma inadzukanso ndi kukhala zaka zoposa khumi cifukwa mpando unkacoka kwa wina kupita kwa wina.

Palinso msampha umene uyenera kuchulidwa. Zipani ndi anthu andalama amadziwa kuti wotsogolera ophunzira ali ndi gulu kumbuyo kwake, ndipo amabwera ndi mphatso. Mwana ali ndi ufulu wokonda cipani cimene afuna, koma bungwe la ophunzira onse ndi la onse. Akaligulitsa, anzake sadzamukhulupiriranso pa tsiku limene adzafunikire kuwalankhulira za cakudya, malo ogona kapena mayeso.

Zonsezi zikutikhudza kuno kumudzi. Lamulo la 2006 la mabungwe a alimi ndi oweta limalola kuti anthu khumi akhazikitse bungwe lawo ndi kulivomerezetsa kuboma komwe kuno, osapita ku Tete kapena ku Maputo. Makalabu a fodya, magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, makomiti a mijigo ndi a sukulu, onsewa amafuna zomwezo zimene mwana wanu akuphunzira m'kabungwe kake: malamulo olembedwa, mlembi wokhulupirika, buku la ndalama lotseguka ndi cisankho ca pa nthawi yake. Magulu ambiri otere amafera pa ndalama zosalembedwa ndi pa mpando wosatulidwa.

Tsono mwana akabwera pa chuthi n'kukuuzani kuti wasankhidwa, musathamangire kumuletsa, komanso musathamangire kumuimbira nthungululu. Yambani mwaona zotsatira za mayeso ake, pakuti ndico cimene anapitira. Kenaka mumufunse kuti anamusankha ndani, ndalama za bungwe amasunga ndani ndipo amaziwerengera pamaso pa yani, wamkulu amene amawalangiza ndani, ndiponso akukonzekeretsa yani kuti adzalowe m'malo mwake. Akayankha bwino, mutengereni ku msonkhano wa kalabu yanu, mumupatse buku ndi colembera, akhale pansi alembe zimene akulu akukambirana.